Nsomba yachikasu ya ababa

Ndikukumbukira tsiku limene ababa anatsika minibasi pa Njuli atanyamula chikwama chimodzi ndi botolo lalikulu la masiwiti. Ndinali mu Sitandade 4, ndipo ndinathamanga mate akudzaza m'kamwa. M'botolomo munalibe masiwiti. Munali madzi ndi kansomba kachikasu ngati bango louma, kosakwana chikhatho changa.

Ababa anagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba ya bwana wina ku Limbe, ndipo ankasamaliranso nsomba za m'nyanja yamchere zimene bwanayo ankaweta m'bokosi lagalasi. Chifuwa chawo chitakula, anauzidwa kuti akapumulire kumudzi. Nsombayo nayo inkadwala, ndipo anawalamula kukaitaya kudzala kuti isapatsire zinzake. Iwo sanaitaye. Anabwera nayo, pamodzi ndi kapaketi ka mchere wake wapadera.

Thupi la nsombayo linali ndi timadontho toyera ngati wina waiwaza ufa. Inkadzikhula pamwala umene tinaika pansi pa botolo, kukamwa kukungoyasama. Ababa anati timadonthoto ndi tizilombo toboola khungu, tosatha kupirira madzi opanda mchere. Mankhwala ake anali kuiviika m'madzi akumjigo kwa kanthawi, kenako n'kuibwezera msanga m'madzi ake amchere.

Manja a ababa ankanjenjemera, choncho ntchitoyo inakhala yanga. M'mawa uliwonse ndinkaivuula ndi sefa ya tiyi, kuiika m'beseni, n'kuwerenga mpaka mahandiredi awiri. Ndikaweruka kusukulu ndinkauzira mpweya m'botolo ndi phesi la papaya mpaka masaya kuphwanya, milomo ikuyabwa ndi utomoni. Anansi ankabwera kudzaona nsombayo, koma ankaima patali ndi mphasa ya ababa, ndipo madzi akumwa ankakana. Mayi wina anafunsa kuti ndiwo yokongola choncho tidya liti.

Ababa ankagona pakhonde, botolo lili kumutu kwawo. M'kamwa mwawo munali zilonda ndipo phala ankalikankha, koma ndikawauza kuti nsomba yadya, nawonso ankameza masupuni atatu.

"Timadontho tachepa, Feliya?" ankandifunsa.

"Tachepa, ababa."

Sindinkanama. Pofika tsiku lachisanu zipsepse zake zinali zitayera mbee, ndipo inayamba kuzungulira botolo.

Tsiku lotsatira amayi analawirira kudimba. Ndinaika nsomba m'beseni kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuwerenga. Ndisanafike pa handiredi ndinamva ababa akutsokomola chifuwa chachilendo, chonyowa, chosadukiza. Ndinawapeza atagwa chafufumimba, magazi ali pamphasa ndi pandevu. Ndinawadzutsa, kuwatsamiritsa pachifuwa panga, n'kumawapukuta ndi diresi langa la sukulu. Nthiti zawo ndinkazimva imodziimodzi. Tinakhala choncho mpaka mpweya wawo unabwerera, mthunzi utachoka pakhonde.

Apo m'pamene ndinakumbukira beseni.

Nsomba inali itagona cham'mbali, chikasu chija chitatuwa. Ndinaigwedeza ndi chala, ndinaibwezera m'madzi amchere, ndinauzira mpweya ndi phesi lija. Inangotitimira. Ndinapita nayo kwa ababa ili m'manja, ndikulira.

"Ababa, ndaipha."

"Mwanawe," anatero ndi mawu osasa, "ukanandisiya ine n'kumawerengera nsomba, ndikanadzuka n'kukukwapula." Anayesa kuseka, chifuwa chinawadula. "Kaikwirire mozama, amphaka angaifukule."

Ndinaikwirira pansi pa nthochi. Ababa sanandidzudzulepo, koma kuyambira tsiku limenelo ankagona atayang'ana kukhoma, ndipo ndinasowa chowanyengerera nacho kuti adye. Anamwalira nandolo asanaume m'munda. Pamaliro palibe anatchula matenda awo. Anangoti anadwala nthawi yaitali.

Masiku ano matenda amenewo anthu amawatchula poyera, ngakhale pamjigo. Odwala amapita kuchipatala, kulandira mapiritsi awo otalikitsa moyo, n'kubwerera kukalima. Kuli bambo wina wa ku Mpama amene ankadwala nthawi yomweyo, woonda kuposa ababa, koma iye anapirira mpaka mankhwalawo anafika. Mwezi watha ndinakumana naye akupalasa njinga, mutu uli mbuu ndi imvi, mdzukulu ali kumbuyo atamugwira m'chiuno. Ndinamupatsa moni mwaulemu wonse, manja awiri. Atadutsa ndinaima m'mbali mwa msewu, ndikuchita manyazi ndi nsanje yanga.