Takulandirani, a Rivesi

Ndikamva lole ikulira pobwerera m'mbuyo, ndimakumbukira dalaivala wina amene ankafuna kukwatira achemwali anga ku Ndirande.

Njira ya kwathu inali yopanikizana, moti lole yake ikafika, ikununkha dizilo, anyamata ankakuwa kuti, "Rivesi! Rivesi!" Ine ndinkayesa ndi dzina lake.

Tsiku limene anadzaonekera kwa amalume, ndinagwada mwaulemu wonse n'kunena kuti, "Takulandirani, a Rivesi."

Amalume anatsamwa ndi tiyi. Dzinalo linakakamira mpaka kumsika, ndipo achemwali anati, "Ndiye ine ndizitchedwa Mayi Rivesi? Ndakana."

Ku koleji, ndisanaisiyire panjira, ndinaphunzira kuti mawuwa anachokera ku Chilatini ndipo amatanthauza kubwerera. Bambo uja tanthauzo lake analimva popanda koleji: anatuluka m'njira mwathu chafutambuyo, osabweranso.