Chigubu Chosadontha

Firiji yathu inali ya palafini, ndipo ndinaida kuyambira tsiku lomwe inatsika pa thalakitala. Amuna anga anaigula kwa mzungu wina wa zaulimi amene ankabwerera kwawo, nthawi imene tinkakhala ku Lifuwu, iwo ali kalaliki kusikimu ya mpunga. Anaiimika pabalaza, osati kukhitchini, kuti aliyense wolowa ayambe waona iyo asanatipatse moni eni nyumba. Ntchito yoisamala inagwera ine. Pansi pake panali kathanki ka palafini ndi chingwe choyaka ngati cha nyale, ndipo lawi lake linkafunika kulilera ngati khanda. Likangofiira, utsi tolo, khoma bii, nsomba zonse zavunda, wolakwa ndine. Amati walira mvula walira matope, koma m'nyumba mwathu wolira mvula anali wina, woponda matope wina.

Ine ndine wa ku Dedza, kumene madzi amatuluka mumtsuko ali kale zii. Kutentha kwa kunyanja kunandizunguza mutu, koma chondipweteka kwambiri chinali kusowa wolankhula naye. Zaka zimenezo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu unkayamba wawatafuna mawu usanawatulutse. Ukadandaula pamjigo kuti shuga akusowa, mawa lake anthu ena afika kudzakufunsa kuti umatanthauza chiyani. Akazi a makalaliki anzathu tinkaseka nawo ndi mano okha, poti chilichonse chomwe wanena masana chinkagona m'makutu mwa amuna awo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinkamasuka naye. Anali mayi wogulitsa nsomba, Msilamu, mkazi wa msodzi, wa m'mudzi wa kuseri kwa nyumba zathu. Poyamba ankabwera ndi chambo m'beseni, kenaka anayamba kubwera ngakhale beseni lilibe kanthu. Tinkatchulana kuti achemwali. Nditapita padera, amuna anga ali kumsonkhano ku Lilongwe, ndi iyeyu amene anandichapira nsalu ndi kundiphikira phala masiku asanu, ndipo sanauze munthu. Kumeneko ndinalibe mayi, ndinalibe m'bale. Ndinali ndi iye.

Chaka chimenecho mwezi wa Ramazani unagwera m'nyengo yotentha kwambiri, mvula isanayambe. Tsiku lina anafika masana, dzuwa likuswa mtengo, milomo ili yong'alukang'aluka, poti Asilamu akamanga samwa ngakhale dontho mpaka dzuwa litalowa. Chifundo chinandigwira. Ndinamuuza kuti azibweretsa madzi m'mawa, ine ndiziwaika mufiriji, kuti pofutulu, pomasula kumanga madzulo, banja lake lizimwa ozizira.

Sanavomere msanga. Anayang'ana firijiyo nthawi yaitali, kenaka anafunsa chapansipansi, “Achemwali, m'menemu simulowa nyama ija?”

Dzina lake lenileni sanafune n'kulitchula komwe. Ine ndinaseka. “Kuno nkhumba tingaione kuti? Mulibe, ndipo simudzalowa. Ndikulonjeza.”

Tsiku limenelo ndinkanena zoona.

Vuto linali poika madziwo. Mabotolo tinali nawo anayi okha, pamene kwa iye kunali pakamwa pasanu ndi pawiri. Ndinabwereka chigubu cha kampopi kwa mkazi wa mphunzitsi, koma chinkadontha. Madzi anatsetsereka ndi chitseko, nafika pansi, nazimitsa chingwe, ndipo kutacha tinapeza nsomba za amuna anga zikununkha. Anakalipa mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Lamulo linatuluka loti chinthu chodontha chisadzalowenso mufiriji yawo.

Choncho Loweruka tinakwera lole ya mpunga, ine ndi mnzangayo, kupita kuboma ku Salima, makadi a chipani titawamanga pamfundo ya chitenje, poti popanda khadi sukanadutsa pachipata cha msika. Musitolo ya Mmwenye wina, kufupi ndi siteshoni ya sitima, munali zigubu za mitundu itatu. Ine maso anga anathamangira chachitsulo chonyezimira. Mnzangayo anangochigogoda ndi chala nati dzimbiri lidzachidya msoko mvula isanathe. Chachiwiri chinali cha pulasitiki wofewa, chamaluwa ofiira, chokongola ndithu. Anachifinya m'mbali, chivindikiro chinadumpha chokha.

Chachitatu chinali choyera, chaphwatalala, chosakongola m'pang'ono pomwe, chokhala ndi kampopi pansi ndi chivindikiro chopotokola chamkombero wa mphira. Apa ndi pamene ndinaona kuti mkazi wa msodzi sanamizidwa pa nkhani ya kudontha. Anatseka chivindikiro, nayika pakamwa pakampopi, nauzira mpweya mpaka masaya anatupa, kenaka anatseka kampopi n'kuyika chigubucho pakhutu.

“Chodontha sachiona ndi maso, achemwali,” anatero. “Chimalira. Tamverani.”

Ndinamvera, chinali chete. Sanakhutire. Anapempha ndowa ya madzi, nachimiza chonse ngati mmene amachitira ndi chubu cha njinga, kudikira thovu. Silinatuluke. Pomaliza anachidzaza madzi, nachipukuta, nauza mwini sitolo kuti ayale nyuzipepala pakauntala kuti tione ngati pachite chinyontho. Mmwenyeyo anatenga pepala, naliyang'ana kuno, nalitembenuza kuseri, nalibweza, natenga lina. Tonse tinadziwa chifukwa chake ngakhale panalibe amene ananena. Pepala loyambalo linali ndi chithunzi cha mwini dziko, ndipo kunyowetsa nkhope imeneyo kukanatigonetsa kwina tonse atatu. Chigubu chija tinachigoneka chafufumimba, chagada, chozondoka. Pepala linakhala louma gwa.

Masabata awiri otsatira anali abwino kuposa ena onse amene ndinakhala kunyanja. M'mawa ankabwera ndi madzi, madzulo ankadzatenga chigubu atachikulunga m'thumba lonyowa kuti chisafunde panjira. Anandiuza kuti apongozi ake, nkhalamba yosaona bwino, atamwa koyamba anagwira tsaya nakuwa kuti madziwo akuluma, kenaka anapempha ena. Ine ndinkayenda ngati ndamanga mzikiti ndekha.

Kenaka kunabwera alamu anga kuchokera ku Dedza, mng'ono wa amuna anga, atanyamula mwendo wa nkhumba m'thumba la feteleza. Kwathu imeneyo ndi mphatso yaulemu, ndipo amuna anga anali atatha chaka osailawa. Anandiuza kuti ndiidule ndiiike mufiriji.

“Bambo, ndinalonjeza,” ndinatero titalowa kuchipinda. “Madzi a anthu ali m'menemo.”

“Firijiyi ndi yandani? Ya shehe?”

“Tingaiwambe, kapena tiithire mchere.”

“Ndinagula firiji kuti ndizidya nyama yowamba? Imvani mayi, mwatisokosera sabata yathunthu kuti chigubu chanucho sichidontha. Nanga pamene madzi akulephera kutuluka, chingalowe n'chiyani?”

Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa, chifukwa ndinawakhulupirira. Sanandimenye, sanandiopseze. Anangondipatsa nzeru yoti ndibisalemo, ine n'kulowamo ndi miyendo yonse. Nyama inakwera pashelefu yapamwamba pamene pamazizira kwambiri, m'mbale yovindikira. Chigubu chinatsala pansi pake. Shelefu za firiji ija zinali za waya, ndipo mbaleyo inali ndi kachiboo m'mphepete komwe sindinakaone. Masana ndinapeza madontho ofiirira pachivindikiro cha chigubu.

Ndinachitsuka ndi sopo, ndinachipukuta, ndinachikulunga m'thumba ndekha, n'kukamudikira pakhonde kuti asalowe. Anandithokoza monga mwa masiku onse, nati Mulungu andidalitse. Mawa lake ndinachita chimodzimodzi, mkucha wakenso. Ndinkadziuza kuti nyama itha Lamlungu, nkhani ifera pomwepo, amuna anga akondwa, mnzanga sadziwa kanthu. Mapanga awiri avumbwitsa, ndinkaudziwa bwino mwambiwo, koma ndinkayesa kuti umanena anthu ena.

Tsiku lachinayi m'mawa kunafika lole kudzatenga akazi onse a ogwira ntchito m'boma kuti tikaphunzire nyimbo ndi magule kuboma, poti kunkayembekezeka alendo akuluakulu. Zimenezo sizinkakanidwa. Anatiuza kuti tibwerera masana, koma amayi otsogolera sanakhutire ndi kavinidwe kathu, ndipo tinabwereza nyimbo imodzi mpaka mawu anasasa. Ndinkavina, kumwetulira monga ankafunira, maso ali padzuwa limene linkapendeka. Sindinavinepo ndi mkwiyo ngati tsiku limenelo.

Nditafika kunyumba ndinapeza amuna anga ndi mng'ono wawo ali pakhonde, akumvera wailesi.

“Anzanu aja anabwera,” anatero amuna anga. “Ndinawauza kuti alowe atenge okha. Atsegula, ayang'ana, atseka, ulendo. Osatsanzika n'komwe.”

Anaseka, alamu anganso anaseka. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula firiji. Chigubu chinali pomwepo, chodzaza, madontho a tsiku lonse atauma pachivindikiro ndi m'mbali mwake.

Kutacha ndinachita chinthu chopusa kuposa zonse. M'malo mopita chimanjamanja, mutu uli pansi, ndinatsuka chigubu, ndinachidzaza madzi, ndinachisenza ngati umboni wa kukhoti. Ndinamupeza mnzanga uja akuyanika usipa pathandala kuseri kwa nyumba yake. Ndisanakhale n'komwe ndinayamba kuchizondotsa, kuchikhutchumula, kumuonetsa mphira wa chivindikiro.

“Onani achemwali, onani nokha. Simunalowe kanthu. Ngakhale kadontho.”

Anapitiriza kumwaza usipa. Kenaka anafunsa osandiyang'ana, “Masiku angati?”

“Atatu.”

“Atatu,” anabwereza. “Apongozi anga amwa. Ana anga amwa. Bambo awo amwa, n'kupita kumzikiti kukaswali. Ine ndi manja angawa ndi amene ndimawathirira.”

“Koma madziwo anali oyera! Chigubuchi munachiyesa nokha.”

Apo ndi pamene anatukula maso. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

“Ndinachiyesa ndekha, eya. Chigubu n'chabwino, mayi. Koma chigubu sichinandilonjeze kanthu.”

Anati mayi, monga ankanenera kwa akazi onse ogula nsomba. Ndinaima pamenepo chigubu chili m'manja, madzi akuchita phokoso m'kati. Mawu oti pepani anali pakamwa pomwepa, koma ndinali nditabwera kudzawina mlandu, ndipo mtima wanga wouma uja unakana kugwada pamaso pa anthu amene ankadutsa. Ndinati, “Chabwino, ngati ndi choncho,” n'kutembenuka. Ndi mawu omaliza amenewo amene ndinapereka kwa munthu amene anandichapira nsalu zamagazi.

Ukali wonse ndinakautula kunyumba. Ndinauza amuna anga kuti anagulitsa mchemwali wanga ndi mwendo wa nkhumba. Iwo anati anthu a kunyanja ngovuta, ndipeza mnzanga wina kutchalitchi. Ndinawayankha kuti akwatire firiji yawoyo, poti ndi imene amaigonera tulo. Tinatha sabata osalankhulana, koma zimenezo sizinakonze kanthu. Iwo analakwa kamodzi, pouza mlendo kuti atsegule yekha. Ine ndinalakwa katatu, ndi sopo m'manja.

Patapita masiku ndinakumana ndi mwamuna wa mnzanga uja panjira, atasenza ukonde. Ndinafuna kupatuka, koma anandipatsa moni mwansangala, nandipepesa kuti firiji yathu yawonongeka, nati ana akuwasowa madzi aja. Ndinangovomera. Ndiye kuti mkazi wake sanamuuze. Sanauze shehe, sanauze apongozi, sanauze akazi a pamjigo amene akanandiyimba nyimbo mpaka Chipoka. Anasankha kunama m'mwezi wake wopatulika kuti dzina langa lisanunkhe m'mudzi. Zimenezi zinandipweteka kuposa kutukwanidwa, ndipo manyazi anakula mpaka miyendo inakana kubwereranso kwawo.

Tsiku la Idi, kumanga kutatha, ndinamva “Odi” kunja. Anali mnzanga uja, atavala nsalu yatsopano, atayima kumapeto kwa bwalo, kanthu kali m'manja. Ndinathamanga osavala ndi nsapato zomwe.

Chakudya cha mnansi chimabwera m'mbale, ndipo mbaleyo ili ndi ntchito yake. Umaitsuka, umaikamo kanthu, ngakhale mtedza wodzaza dzanja, umapita nayo wekha, mumakhala pansi, mumacheza. Ndinali nditaganiza kale pothamangapo kuti pobweza mbale yake ndi pamene ndidzanene zimene ndinalephera kunena. Koma chimene anandipatsa unali mpunga ndi nyama ya mbuzi, zokulungidwa bwinobwino m'masamba a nthochi, zomangidwa ndi luzi, zikadali zotentha.

“Tadikirani ndikakhuthule,” ndinatero mwachizolowezi, “ndikubwezereni…”

Ndinayang'ana m'manja mwanga. Munalibe choti ndibweze.

“Musavutike, mayi,” anatero. “Masambawo mungotaya.”

Tinakhala ku Lifuwu zaka zina zinayi, ndipo nsomba ndinkagula kwa anthu ena.