Mtondo M'nyumba Yopanda Mkazi

Mkazi wanga atamwalira ndinanenepa. Ambiri maliro amawaondetsa, koma ine ndinali kale munthu wathupi, ndipo miyezi yotsatira ndinkadyera pachiwaya kuseri kwa msika wa pa Boma: tchipisi, nyama ya nkhumba, chakumwa chozizira, masana ndi madzulo omwe. Kunyumba sindinkakoleza moto. Ndinkaweruka ku ofesi, kudya choimirira, n'kukagona.

Anamwalira ndi malungo aakulu ali ndi pathupi pa mwana wathu wachiwiri. Sanadwale nthawi yaitali. Tinakamuika kwawo kwa Mavwere, ndipo mwana wathu wamkazi, amene anali asanayambe sukulu, anatsala komweko m'manja mwa alamu anga, mkulu wake wa malemu. Kwathu kuno mwana ndi wakuchikazi. Ndinapempha kuti chaka chikatha adzakhale ndi ine pa Boma, ayambire sukulu pafupi ndi nyumba. Atsibweni a mkazi wanga anati aona. Anati tidikire tsiku losudzula, pamene achibale a malemu amamasula wotsalayo ndi kutenga katundu wa m'bale wawo, ndipo kufikira tsikulo aziona mmene ndikukhalira. Sindinatsutse. Choncho zinthu za mkazi wanga zinakhala mmene anazisiyira: zitenje m'sutikesi, miphika, lichero, mtondo ndi musi m'kakhitchini ka panja.

Tsiku lina podzuka pampando ku ofesi ndinaona mdima. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri ndipo shuga wayamba kukwera. Dokotala amene ndinakaonana naye ku Lilongwe, mayi wosazungulira polankhula, anandilembera mankhwala ochepetsa thupi.

"Akuthandizani," anatero, "koma thupi likamatsika silisankha. Limataya mafuta, limatayanso minofu. Muzidya mgaiwa, nyemba, soya, mazira, ndipo manja ndi msana zizigwira ntchito yolemetsa. Mukamangokhala mudzachepa ndithu, koma mudzakhala wolobodoka."

Ndinavomera monga mmene timavomerera kwa adokotala. Chimene ndinatolapo chinali cha mankhwala chokha.

Mankhwalawo sankagwirizana ndi mafuta. Ndikadya za pachiwaya m'mimba munkandilanga mochititsa manyazi, motero ndinasiya. Thupi linayamba kutsika, ndipo lamba ndinakabooletsa kwa wosoka nsapato. Koma zaka zimenezo mwamuna wachinyamata amene waika mkazi wake n'kuyamba kuonda anthu sankamufunsa kanthu, ankangodziwiratu. Mankhwala otalikitsa moyo anali atangoyamba kufika m'zipatala zathu, ndipo tonse tinali titaperekeza anzathu ambiri. Ku ofesi anayamba kundilankhula mofatsa kwambiri. Ine ndinali nditayezetsa ndipo anandipeza ndilibe kachilombo, koma imeneyo si nkhani yoti munthu n'kuimirira pamsonkhano wa Lolemba n'kulengeza.

Loweruka lina ndinapita kukaona mwana. Anandithamangira, ndipo ndinamukweza kuti ndimukhazike paphewa monga kale. Manja ananjenjemera mwanayo asanafike n'komwe paphewa. Ndinamutsitsa msanga.

"Adadi, mwatopa kale?"

Alamu anali pakhonde akuswa mtedza. Anaona zonse.

Apo m'pamene ndinakumbukira mawu otsala a dokotala aja. Ndinayesa kuthamanga m'mamawa mumsewu wopita kumalire. Mlonda wa pasitolo ina anaimirira n'kufunsa kuti kwagwanji, ndipo bambo wina wa njinga ya makala anandiuza kuti ndikwere pathumba ngati ndi zakuchipatala. Kuseri kwa msika kunali anyamata onyamula simenti youmira m'zitini. Ndinakaima patali tsiku limodzi, onse anasiya n'kundipatsa moni wa bwana, ine n'kubwerera.

Musi ndinaupeza posafuna. Makoswe anali ataboola thumba la chimanga limene mkazi wanga anasiya m'khitchini, ndipo posesa ndinausuntha. Unali wa muwanga, wolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Pakati pake panali poterera, pomwe manja ake ankagwira, m'munsi pang'ono poyerekeza ndi pomwe ine ndikadagwira. Chigayo chinali pafupi, koma iye ankakonola yekha Loweruka lililonse pabwalo, ati makina amadya chimanga. Ine ndinkadandaula za phokoso chifukwa ndinkafuna kugona.

Ndinatseka chitseko, kuthira chimanga mumtondo, kuwaza madzi pang'ono monga ndinkamuonera, n'kuyamba. Chimanga chinamwazika khitchini yonse. Ndinkamenya ndi mphamvu ngati ndikukhoma chikhomo, ndipo posakhalitsa mpweya unandithera. Tsiku lotsatira mapewa, msana ndi ntchafu zinkawawa pamodzi, m'manja muli matuza. Ndinabwererako. Pang'ono ndi pang'ono ndinaphunzira kuti musi umafuna kuukweza bwino n'kuulola ugwe wokha, mawondo akuthandiza, mpweya ukutuluka pomwe ukugunda. Matuza anaphulika n'kuuma. Thupi linapitiriza kutsika, koma malaya anasiya kulendewera m'mapewa, ndipo njinga yanga ndinayambanso kuikweza pakhonde ndi dzanja limodzi.

Ndinkasinja m'mawa uliwonse ndisanasambe, chitseko chili chotseka. Inali nthawi yokhayo patsiku imene sindinkaganiza kanthu. Mphale inayamba kuunjikana, poti ine ndinkadya mgaiwa. Ndinkaiyanika pamphasa m'chipinda chimene chinali cha mwana, n'kuilonga m'matumba. Chimanga cha mkazi wanga chitatha ndinagula china.

Za phokoso sindinaganizepo. Nyumba za boma zimene tinkakhala n'zoyandikana, ndipo kugunda kwa mtondo kumayenda pansi. Mayi wa nyumba yoyandikana ndi yanga, amene kwawo n'kufupi ndi kwa mkazi wanga, anandifunsa tsiku lina kuti alendo adzuka bwanji. Ndinati ndilibe alendo. Anaseka pang'ono n'kupitiriza kuyanika zovala.

Alamu anafika Loweruka m'mawa pa kabaza, osatumiza mawu. Ndinali pakati pa kukonola, ndili m'vesiti ndi kabudula, gaga ali m'mikono, pamene chitseko chinatseguka. Sanandipatse moni. Anasuzumira kuseri kwa chitseko, anatuluka, ndipo ndinawamva akutsegula zipinda m'nyumba yaikulu. Kenako anabwerera.

"Ali kuti?"

"Ndani, alamu?"

"Amene akusinja."

Ndinawaonetsa musi umene unali m'manja mwanga. Anauyang'ana, anayang'ana mtondo, anayang'ananso mapazi anga.

"Kwathu zamveka kuti mwalowetsa mkazi tisanakusudzuleni. Akuti ndi wakhama, amadzuka nkhuku zisanatsike, koma ndi wamanyazi, satuluka panja. Ena akuti ndi wa ku Chipata."

"Ndiye mwamuona."

"Ndamuona. Ndevu zokha ndiye zamuwononga."

Anatembenuza ndowa n'kukhalapo. Nthabwala inathera pomwepo.

"Atsibweni anena kuti mwana sabwera kuno. Akuti munthu wodwala, wobisanso mkazi m'khitchini, sangasunge mwana wathu. Ine ndinati ndikaone ndi maso anga. Tsopano za mkazi ndaona. Nanga thupili? Ndikufunsa mosabisa, alamu, poti amene anagona kumanda uja ndi mng'ono wanga, ndipo akamanena za inu akunenanso za iye."

Ndinawafotokozera zonse: mdima wa ku ofesi, shuga, kuyezetsa kuja, mankhwala, zimene dokotala ananena za minofu, ndi mmene manja ananjenjemerera ndikukweza mwana. Anati zimenezo anaona.

"Koma mankhwala oondetsa? Dziko lonse likufuna oti linenepe, inu mukukwera minibasi kukagula oondetsa. Sukulu inakupwetekani, alamu."

"Mwina."

"Nanga osangolima bwanji?"

"Munda wake uti pa Boma pano?"

Anatambasula dzanja, ndinawapatsa musi. Anaugwira pamalo poterera paja, ndipo manja awo anakwanapo bwino. Anati unasemedwa ndi bambo awo, ndipo iwo anali ataganiza kale kuti tsiku losudzula china chilichonse ena atenge, koma mtondo ndi musi ndi zawo. Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, ine ndikuyang'ana gaga amene anali pansi.

"Ine ndikhoza kukanena zimene ndaona," anatero pambuyo pake. "Koma akati ndikukuikirani kumbuyo. Ndine munthu mmodzi, pomwe amene akumva mtondowu ndi mzere wonse wa nyumba. Akumva koma sakuona. Tulutsani panja."

"Panja pati?"

"Pabwalo. Pomwe ankasinjira mwini wake."

Ndinati njira yodutsa pabwalopo ndi imene amadutsa anthu a ku ofesi, ena mwa iwo ondiyang'anira, ena owayang'anira ine. Ndinati mwina ndingosiya kusinjako, phokoso lithe.

"Mukasiya akati mwamuthamangitsa chifukwa ndabwera ine. Ndipo manja aja ayambiranso kunjenjemera. Sankhani, alamu. Akusekeni, kapena mwana ayambire sukulu kwathu."

Ndinapendeketsa mtondo n'kuugubuduza kutuluka nawo. Pabwalo panali kadzenje kosazama pomwe unkakhala kale, ndipo unakhazikika pomwepo. Ndinayamba kusinja. Alamu anakhala pakhonde n'kumapatsa moni mokweza aliyense wodutsa, ngakhale osawadziwa, kuti atembenuke. Mayi woyandikana naye uja anafika pampanda ali ndi tsache m'manja.

"Bwerani, amayi, mudzamuone mkazi wa ku Chipata uja," anatero alamu. "Kuphika sitinamuyese, koma kusinja akuyesetsa."

Mayiyo anagwira pakamwa. Ine sindinakweze maso. Ndinamaliza mtondo umenewo, kupeta mmene ndinkathera, n'kuthiranso wina.

Pochoka, alamu analoza matumba a mphale aja n'kunena kuti sangaole iwo alipo. Ndinanyamula limodzi kukaliika pa kabaza, wa njinga akuligwirizira. Otsalawo anati adzatuma munthu.

Anandiseka ndithu. Lolemba mnzanga wina ku ofesi anandifunsa ngati ndimalandira ganyu, poti kwawo magetsi akazima chigayo chimavuta. Ana opita kusukulu ankaima pamsewu kundionerera mpaka wamkulu wina awakuse. Patapita masabata angapo anazolowera. Mayi woyandikana naye uja anayamba kutumiza beseni la chimanga chake madzulo, ine n'kubweza mphale m'mawa, gaga n'kupita kwa nkhuku zake. Nkhani imene inkayenda tsopano inali yoti maliro anandisokoneza mutu pang'ono. Sindinaitsutse. Mankhwala ndinapitiriza kumwa mpaka dokotala ananena kuti zakwana, ndipo kusinja anati ndisasiye.

Anandisudzula mvula itayamba. Tinakhala pamphasa kwawo kwa mkazi wanga, ndipo akuluakulu analankhula zoyenera kulankhulidwa. Ndinali nditabweretsa sutikesi ndi miphika pa galimoto ya mnzanga. Atsibweni, bambo wolima fodya wosakonda kuseka, anandiyang'ana kuyambira m'mapewa mpaka m'manja.

"Tamva kuti mumakonola."

"Eya."

"Mphale yake tinadya. Inali ndi gaga wambiri."

Anthu anaseka, iwo ayi. Kenako anati mwana apite akayambe sukulu pa Boma, koma tchuthi chilichonse azibwera, ndipo akadzamva china chilichonse chokhota adzamutenga okha. Za mtondo, alamu ananena kuti ndi wawo monga anakonzera, koma aubwereketsa kwa mwana, ndipo ukhale komwe mwanayo ali.

Mwana ndinakamutenga sabata yotsegulira sukulu. M'mawa wake woyamba kunkawaza mvula, choncho mtondo ndinauika pakhonde. Nditangogunda kangapo ndinamva mapazi akuthamanga m'nyumba. Chitseko chinatseguka, ndipo anaima pakhomo atafunda bulangete. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pabwalo ponse, mpaka kukhitchini. Ndinaimitsa musi. Ndinadziwa kuti amene ankamufunafuna ndi mayi ake.

Anakhala pansi pasitepe, n'kukokera bulangete kumapazi. Nditaona kuti sakubwerera m'nyumba ndinapitiriza, pang'onopang'ono, mpaka mtondowo unatha. Kenako ndinamutenthetsera madzi osamba, ndinasita yunifolomu, ndipo tinanyamuka mvula itadukiza.