Woimba Ng'oma wa ku Belfast ndi Manda a Bambo Anga

Phokoso limene ndimalikumbukira ndi la miyala ikugwa pa malata. Siinkagwa ngati matalala. Unkagwa umodzi, kenako itatu, kenako zii, iwe n'kumadikira wina. Linali Loweruka masana pamsika wa kwathu, m'boma la Machinga. Munthu wina anapachika nyama ya nkhumba pafupi ndi pamene Asilamu amagulitsira mbuzi, mawu anakula, ndipo posakhalitsa anyamata a kutsidya kwa msewu ndi a mbali yathu anayamba kugendana. Ine ndi agogo tinabisala m'kashedi momwe ankagulitsiramo zitumbuwa. M'kashedi momwemo ndinatsimikiza zochoka. Mwala sindinauope kwenikweni. Chinkandisowetsa mtendere n'chakuti mbali zonse ziwiri kunali abale anga, ndipo mbali zonse ziwiri zinkandiona ngati kazitape.

Mayi anga anali Mkhristu, bambo anga Msilamu. Anamwalira tsiku limodzi pa ngozi ya minibasi ndili ndi zaka zinayi. Akuchimuna anaika bambo madzulo a tsiku lomwelo monga mwa mwambo wawo, thupi la mayi likadali kuchipatala, agogo asanamve n'komwe uthenga. Agogo, omwe ndi mayi a mayi anga, sanaiwale zimenezo. Patatha mwezi anandibatizitsa osafunsa munthu, ndipo akuchimuna nawonso sanaiwale. Ndinakula ndi lamulo limodzi: kutsidya kwa msewu wa tala sitipitako. Manda a mayi ndinkawadziwa, ali ndi mtanda ndi dzina. Manda a bambo anali pamtunda woti munthu amafika thukuta lisanatuluke, koma sindinawaonepo. Kumanda kumeneko salemba maina. Ngati wina sanakulozere, sungapeze wako.

Ndinkathandiza odwala pakachipatala kena, ndipo patapita chaka ndinapeza ntchito yosamalira okalamba ku London. Pondiperekeza agogo anangoti, "Pita ukadye za azungu. Koma kutchalitchi uzikapita, ndili ndi makutu aatali ine."

Ndinapeza kachipinda ku Lewisham, pamwamba pa saluni. M'mawa uliwonse ndinkakwera basi yopita kunyumba yosamalira okalamba ku Greenwich, shifiti ya maola khumi ndi awiri. Lendi inkameza gawo lalikulu la malipiro, zotsala ndinkagawana ndi agogo. Iwo ankandiyankha pa foni ya mneba, mawu ochepa: zafika, mvula yachedwa, wanenepa kapena ayi. Tsiku lopuma ndilo linkandivuta. Ndikakhala pansi miyendo inkandiyabwa. Ndinkakwera basi mpaka kumene imathera, n'kubwerera nayo yomweyo, ndikungoyang'ana anthu pawindo. Nthawi zina sabata inkatha ndisanalankhule ndi munthu chiganizo chosakhudza ntchito.

Kuntchitoko, m'chipinda cha kumapeto kwa kolido munali mzungu wa ku Belfast, ku Northern Ireland, amene sitiroko inawapha mbali ya kumanzere. Sanali okalamba kwambiri ngati enawo. Aliyense ankawaitana kuti a Rusty. Anali ndi kasipika kamene kankatulutsa nyimbo zimene ndinali ndisanazimvepo: gitala ngati sowo ikudula chitsulo, ng'oma zothamanga ngati zikuthawa galu, woimba akungokuwa. Amazitcha panki.

Mkulu wa shifiti yathu anali Mai Zulu a ku Chipata, ku Zambia. Tsiku lina anandikoka mkono.

"Iwe Yosefe, yenda ukamuuze mudala uja achepeseko chongo. Mutu unibaba, nili na medication round. Ni nyimbo ya bwanji yamene siivinika?"

Ndinalowa kuti ndikachepetse. A Rusty anaphimba kasipikako ndi dzanja lawo lamoyo. "Ng'oma zimenezo ndine," anatero m'Chingerezi chawo chovuta kumva. "Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Khala pansi, ikutha pompano. Nyimbo zathu zinali za mphindi ziwiri, chifukwa sunkadziwa ngati holo ikhalapobe pa mphindi yachitatu."

Nkhani yawo ndinaimva pang'onopang'ono, powasambitsa ndi powameta ndevu. Anakulira mumzinda momwe Akatolika ndi Apulotesitanti ankaphana, misewu yogawidwa ndi makoma, asilikali pangodya iliyonse. Kumeneko munthu sankakufunsa mpingo wako mwachindunji. Ankafunsa dzina la bambo ako, sukulu imene unaphunzira, msewu umene ukukhala, basi wadziwa kale ngati akupatse moni kapena chibakera. Koma panali kabala kena kauve pakati pa tauni komwe achinyamata a panki ankakumana, ndipo kumeneko mafunso atatu amenewo anali oletsedwa. Ukalowa ankakupatsa dzina latsopano. Iwo anakhala Rusty chifukwa cha tsitsi lofiira ngati dzimbiri. Gulu lawo linali la anthu anayi, awiri a mbali iyi, awiri a mbali inayo. Tsitsi ankaliimika ndi sopo, majekete ong'amba dala, ndipo nyimbo zonse zinkanena chinthu chimodzi: tatopa kuuzidwa munthu woti tizidana naye.

"Ndiye anthu anakumverani?" ndinafunsa.

"Anatimenya! Mbali zonse ziwiri. Aka kanali koyamba Akatolika ndi Apulotesitanti kugwirizana pa chinthu chimodzi, choti ife ndife zitsiru."

Nthawi ya tiyi ikakwana ankamenya tebulo lodyera ndi dzanja lamanja, koma kugunda kwa dzanja lamanzere kunkasowa, ndipo zinkawakwiyitsa. Tsiku lina anandiponyera supuni. "Iwe ukhale dzanja langa lamanzere." Ndinagogoda pang'ono, mwaulemu.

"Menya ngati wakwiya!"

"Sindinakwiye, bambo."

"Bodza. Anthu ofatsa ngati iwe ndi amene ndinkawaopa."

Ndinamenya mpaka supuni inapindika. Mai Zulu anasuzumira pakhomo, n'kupukusa mutu: "Manje bakhala babili ofunta." Nditatuluka m'chipindamo, tsiku lonse ndinkangomva miyala ija ya pamalata, koma tsopano ngati woponya ndine.

Panali nkhani imodzi imene anandiuza kamodzi kokha. Woimba gitala wawo, yemwe ankamutcha Socks, anamwalira patapita zaka zambiri, nkhondo itatha kale. A Rusty anakwera ndege kupita kumaliro. Maliro anali mumsewu wa Akatolika, umene iwo, pokhala Mpulotesitanti, anali asanaupondepo chibadwire. Anafika pangodya, anaona anthu ovala zakuda patali, n'kuima pomwepo mpaka bokosi linatuluka, kenako anabwerera kubwalo la ndege. "Zaka zonse ndikukuwa pasiteji kuti msewu ndi msewu basi," anatero. "Pakamwa pankadziwa. Miyendo inakana."

M'chaka changa chachitatu ndinalandira uthenga wa mawu kuchokera pa nambala yachilendo. Anali mayi wina amene anati dzina lake ndi Asiyatu, mwana wa Che Amidu, akulu awo a bambo anga. "Achimwene, pepani kukulowererani. Bambo maso akutha. Mwa amene analowa m'manda kukagoneka bambo anu atsala ndi iwo okha. Ndangoti mudziwe."

Ndinaumvetsera pabasi, pa break, pamzere wa mushopu. Masabata atatu ndinkangozungulira nawo. Ndinkaopa agogo, amene anandilera ndi zitumbuwa. Ndinkaopanso kuti ndikafika kutsidyako andifunsa kuti zaka zonsezi ndinali kuti. Nditawauza a Rusty ndinkayembekezera mawu anzeru.

"Ukufuna ndikuimbire nyimbo? Pita ukapemphe holide, chitsiru iwe."

Mai Zulu anayang'ana rota ya mashifiti, n'kuti, "Yenda mwana wanga, tizachita cover. Unibweretseleko kapenta." Ndinawauza kuti kwathu timati usipa. Anati zonse ni nsomba.

Ndinafika kwathu m'nyengo ya dzinja, chimanga chili m'chiuno. Pamsika nyama ya nkhumba inasamukira kuseri kwa khoma. Anyamata amene ankagendana aja tsopano ali pasiteji imodzi ya kabaza, akukangana za mpira. Komabe aliyense akudziwa golosale imene anthu a kwawo amagulako, ndipo chimkuzamawu cha kumzikiti ndi cha tchalitchi chatsopano zikupikisanabe. Agogo ndinawapeza ataonda, koma pakamwa pali pomwepo. Masiku awiri ndinkangoyendayenda pabwalo, kukonza chitseko chosawonongeka, kusesa poseseratu. Tsiku lachitatu anandiitana.

"Ukuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Nena."

"Ndikufuna kukaona manda a bambo."

Anapitiriza kusenda nthochi. "Anthu aja anandilakwira, ndipo ndidzafa nazo. Ine sindidzapondako." Anataya khoko m'beseni. "Koma iwe ndinakuletsa uli ndi mamina. Ndevu zonsezo ukudikirabe chilolezo changa?"

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti agogo ndiwo atseka njira. Pamphepete pa msewu ndinaima nthawi yaitali, galimoto palibe, zala zikugunda pantchafu mwa kathamangidwe ka ng'oma za a Rusty. Ndinaganiza za mzungu ataima pangodya ku Belfast. Mnyamata wa kabaza anandifunsa ngati ndikufuna njinga. Ndinati ayi, n'kuwoloka.

Che Amidu ndinawapeza pakhonde, atavala mkanjo ndi mzuli, maso atachita mtambo. Asiyatu anawanong'oneza kuti ndine yani. Sanandifunse kumene ndinali. Anangoti, "Yusufu. Wachedwa, koma dzuwa likadalipo." Sindikukumbukira kuti wina anandiitanapo ndi dzina limenelo. Anadzuka, natenga khasu lomwe anayamba kuyendera ngati ndodo. Asiyatu anatsala kunja kwa manda, ife tinalowa.

Udzu unali wofika m'mawondo, milu ya dothi yofanana yonse. Anagwira mtengo wa msuku, n'kuyamba kuwerenga mapazi. Anaima. "Ayi, si apa." Anabwerera pamtengo paja, nayambanso, kulowera kwina. Anaimanso, ndipo ndinaganiza kuti ndachedwadi. Kachitatu anavula nkhwayira, n'kumapapasa pansi ndi phazi, pang'onopang'ono, mpaka linakhudza mwala wafulati wobisika mu udzu.

"Apa. Mutu uli uku. Mwalawu ndinaika ndine."

Ndinagwada. Sindinadziwe kuti ndipemphere motani, ndipo iwo sanandiuze. Anaima pambali panga kanthawi, akupuma mwamphamvu.

"Ndalimira mng'ono wanga zaka zonsezi, msana watha," anatero. "Ndi ntchito ya mwana iyi."

Anandipatsa khasu lija, natembenuka, n'kumapita okha pang'onopang'ono, dzanja lili patsogolo, akuitana Asiyatu kuti adzawagwire.