Chipolopolo Choyamba N'cha Mmisiri

Pamsika wa ku Darra pali madala ena osula mfuti zamakedzana, zonga zija ankanyamula asilikali a Angerezi. Dzanja lawo lamanzere linatsala ndi zala zitatu. Salola wogula kuyamba kuwomba mfuti yatsopano. Amati, "Ngati ili ndi mkwiyo, iyambe ndi amene anaibala."

Masiku ano maso awo anachita nkhungu. Tsiku lina Zarwali, mwana wa mlongo wawo, anadzatenga mfuti yokapikisanira kuwomba miyala kuphiri. Anabwera ndi zipolopolo zamakono, za wonga waukali. Madalawo anazigwiragwira mtima uli m'mwamba, poopa kuti chitsulo chingaphulikire mnyamatayo kumaso.

"Atsibweni, bweretsani ndiyese ndine," anatero Zarwali. "Inu mungaphe mbuzi ya eni."

"Khala uko. Amako ndikawauza chiyani?"

Madalawo anapita kuseri kwa nyumba, nalozetsa mfutiyo pa chimwala cha kuphiri, natchula dzina la Mulungu, nawomba. Phiri linayankha.

"Chimwala chonse chija mwachiphonya," anaseka Zarwali.

Madalawo sanayang'ane n'komwe kuphiriko. Ankawerenga zala zawo.

"Zikadali zisanu ndi zitatu. Tenga, uzipita."