Tsiku Limene Mabuku Anavulidwa Malaya

M'mawa uliwonse, asanakhudze nsapato ya munthu, a Refa amasamba m'manja kawiri ndi sopo. Akapukuta amatsegula kabati yagalasi pabalaza, n'kutulutsa buku limodzi, n'kuwerenga tsamba limodzi ali chiimire. Limodzi basi. Akatero ndiye amapita pakhonde, pamene pali benchi, zingano, phula ndi mulu wa nsapato zoyasama kukamwa.

Ntchito yawo ndi yosoka nsapato ndi mipira. Mpira sanaimbirepo ngakhale wa ana. Dzina la Refa anawapatsa ndi anzawo a pabenchi, chifukwa mkangano wa zamasewera ukafika pogwirana m'makolala, amauthetsa ndiwo. Pasipoti sanaigwirepo chibadwire, koma mabwalo a maiko akutali amawatchula ngati anali komweko dzulo. Nzeru zonsezo n'za m'kabati muja: mabuku khumi ndi anayi, olemera ngati njerwa, ofotokoza mbiri ya mpira, nkhonya, mipikisano yothamanga ndi masewera ena achilendo. Anawatolera kwa zaka makumi atatu. Ambiri anagula kwa oyala mabuku m'mbali mwa msewu. Lina anawapatsa mphunzitsi amene anamusokera nsapato m'mawa wa ukwati wake. Buku lililonse lili ndi pepala la zithunzi lolikuta kunja, limene iwo amati malaya.

Mpongozi wawo anabwera m'nyumbamo ndi khanda la miyezi inayi, mwamuna wake atapeza ntchito yoyendetsa lole ya maulendo ataliatali. Anali wamanyazi, woti akayankhula umachita kutchera khutu. Chimene ankalakalaka n'chakuti apongozi akewo amuone ngati mwana wa pakhomo, osati mlendo wodikira kunyamuka. Koma a Refa ankangomupatsa moni wa m'mawa, basi.

Tsiku lina a Refa anapita kukaona mbale wawo, ulendo wa masiku atatu. Mpongozi uja akupukuta galasi la kabati, anaona kuti malaya a mabuku aja ndi othaitha, m'mphepete mong'ambika, ena atasanduka achikasu. Anawamvera chisoni. Kusukulu anaphunzira kuti buku lokondedwa limakutidwa, ndipo pa kukuta mabuku panalibe womuposa m'kalasi mwawo. Anagula mapepala akhaki. Mwana akagona, iye pamphasa, kuvula buku, kukuta, ngodya zakuthwa ngati za envelopu.

Atamaliza anaona vuto: onse akufanana. Chingerezi cha pachikuto chinali chachitali, chosakwana pamsana. Ndiye anatsegula lililonse, kuyang'anitsitsa zithunzi, n'kulemba zimene waona. "La azibambo a ndevu ndi makabudula ofika m'mawondo." "La amayi olumpha ndodo." "La otsetsereka pa madzi oundana." "La nkhonya, muli wolira atapambana."

Mapepala akale aja sanataye, poti pepala lolimba silitayidwa. Anawayala m'mashelefu a mbale ndi m'sutikesi ya zovala za mwana.

A Refa atabwerako anaima patsogolo pa kabati, chikwama chikadali paphewa.

"Mpongozi," anaitana chapansipansi. "Ana angawa wawalembetsa sukulu ndani? Onse yunifolomu imodzi."

"Ndine, bambo. Ndinaona kuti ang'ambika."

"Nanga malaya awo ali kuti?"

Akazi awo a Refa, amene ankapisa ulusi pasingano pakhomo la kuchipinda, anayankha osadzutsa mutu: "Zipepala zija? Kaya, mwina tinakolezera moto."

A Refa anakhala pansi pomwepo, mpando ulipo.

"Mwana wanga," anatero, "kwa ife otolera mabuku, buku lopanda malaya ake ndi nsapato yopanda inzake. Ena mwa amenewa ndi aakulu kuposa mwamuna wako."

Mpongozi anathamangira kukhitchini, kutsitsa mbale, makapu, mapoto. Anakhuthulira zovala za mwana pabedi. Pepala lina linali ndi chidindo cha kapu pamphumi pa wankhonya, koma linali lamoyo. Anawerenga: khumi ndi atatu. Losowa linali la buku lakale kuposa onse, la othamanga.

"Ayi, limenelo ndiye ndine," anavomera amayi aja, kuseka kutawathera. "Ndinalichotsa m'shelefu n'kukulungira nsapato za atelala dzulo."

Mpongozi anaponya mwana kumsana n'kutuluka, patapata m'manja. Anadutsa pa ogulitsa matimati, pa okonza njinga, mpaka pashopu ya telala kuseri kwa msika. Anapeza pepala lija lili chafufumimba patebulo, atalijambulapo kolala ya shati ndi choko, sizasi itayasama kale.

"Musadule!"

Telala anadzidzimuka mpaka tepi inagwa m'khosi. "Kodi mumayankhula, mayi? Ife timati a Refa anapeza mpongozi wa pachithunzi."

"Pepalalo ndi la bambo. Ndikupatsani lina lakhaki."

"Tengani, tengani. Mawu amenewo mukapite nawo kubwalo la mpira, timu yathu ikusowa ochemerera."

Kunyumba anapukuta choko chija, n'kusita mapepala onse ndi simbi yofunda pang'ono, atayala nsalu pamwamba. A Refa anatenga buku loyamba kuti alivule khaki. Chala chili kale pangodya, maso anagwera pa zolemba zija. Anawerenga. Anatenga lachiwiri. Pofika lachinayi anali akuseka mpaka kutsokomola.

"Wolira atapambana? Ali pati ameneyo?"

Mpongozi anatsegula yekha, n'kuloza.

"Zaka makumi awiri ndili nalo bukuli," anatero a Refa, "ine ndimangoona lamba ali m'chiunoyo. Misozi sindinaionepo. Tabwera nacho chimpandocho, undionetse zina."

Anakhala mpaka mwana anadzuka ndi njala. Mpongozi anawaonetsa wothamanga amene chingwe cha nsapato chinamasuka, ndi gogo wina m'gulu la oonerera amene anagona tulo chigoli chikulowa.

Khaki uja sanachotsedwe. Malaya anawasunga m'sutikesi, oyalidwa bwino pakati pa makatoni, ndipo amaonetsedwa kwa alendo osankhika. Mabukuwo tsopano amafika mpaka pabenchi, chinthu chimene kale chinali chosatheka. Mkangano ukabuka umva wokonza njinga akuti, "A Refa, musatinamize, tulutsani la makabudula."

Patatha mwezi a Refa anabwera kuchokera m'tauni atapanira buku lina m'khwapa, la anthu opalasa timabwato tating'ono ngati nsawawa zosenda. Analiika patebulo, pambali pake pepala lakhaki ndi cholembera.

"Mwana wagona? Tabwera udzaone mlendo uyu. Umuyang'ane bwinobwino, usafulumire. Ukatha umupatse dzina."