Mbama ya pa Chipatala Chathu

Maganizo ochoka anandibwerera tsiku limene malume anga analandira nkhuku.

Ndinali namwino pa chipatala chaching'ono cha kwathu, kupitirira Nsaru. Anthu a kwathu ndimawadziwa bwino: kwa iwo mankhwala enieni ndi jakisoni. Ukawapatsa mapiritsi amakuyang'ana ngati wawamana. Tsiku lina bambo wina wa kutsidya kwa dambo anabwera ndi mkazi wake atatentha thupi. Ndinamuyeza, ndinapeza malungo, ndipo ndinamupatsa mankhwala akumwa oyenera. Bamboyo anati ndimubaye. Ndinafotokoza mwaulemu kuti sikunali kofunika, koma ndisanamalize anandiwomba mbama. Khutu langa lakumanzere linaphulika m'kati, ndipo mpaka lero limamva ngati ndili pansi pa madzi.

Pamzere panali anthu amene anandiona ndikukwawa ndili khanda. Palibe amene anadzuka. Mayi wina anangoti mwana wa a Phiri sukulu yamulowetsa matama.

Abale a bamboyo anabwera kudzapepesa, koma osati kwa ine. Mwa mwambo wathu mlandu wa mwana wamkazi umakambidwa ndi mwini mbumba, choncho anakhala pansi pa mtengo ndi malume anga. Malume anati madzi akatayika sawoleka, nalandira nkhukuyo, nkhani n'kuthera pomwepo. Amene anauzidwa kuti aisosole ndinali ine. Ndinaisosola mtima ukuwira, khutu likutuluka mafinya.

Mnzanga wa kusukulu ya unamwino anandithandiza kupeza ntchito ku Mangalande, m'nyumba yosungira okalamba. Ndisaname, kumenekonso ndinamenyedwa. Agogo ena amene mutu unawasokonekera anandipotokola dzanja ndikuwasambitsa. Ena ankakana kuti ndiwakhudze chifukwa cha khungu langa. Kusiyana kwake kunali kumodzi. Tsiku la dzanja lija, mkulu wa pantchito anandikhazika pampando n'kundifunsa ngati ndavulala. Ndinakalira kubafa, osati chifukwa cha dzanjalo, koma chifukwa kwathu palibe amene anandifunsapo funso limenelo.

Kusungulumwa kwa kumeneko n'kovuta kukufotokoza. Umakwera basi yodzaza, wopanda wokupatsa moni. Lamulungu ndinkadya choimirira, ndikuyang'ana mvula pawindo. Ndalama ndinkapeza, ndipo zambiri zinkapita kumudzi: malata a nyumba ya amayi, feteleza wa achimwene anga a Lameki, mankhwala a shuga a amayi. Foni inkalira osaleka. Anthu omwe aja anati ndine wamatama anayamba kunditchula adokotala athu, kumanditumizira zithunzi za zotupa zawo. Ngakhale mkazi wa bambo wondimenya uja anatumiza uthenga kudzera kwa mlamu wanga, kufunsa za mankhwala othamanga magazi. Ndinamuyankha ndithu, ngakhale ndinayamba ndatukwana ndekha m'chipinda.

Amayi ankamaliza foni iliyonse ndi mawu amodzimodzi: "Kwanu n'kwanu, Naphiri, m'thengo mudalaka njoka." Ine ndinkawakhulupirira. Shuga wawo ankakwererakwerera, ndipo ndinkaopa kuti tsiku lina adzandiitanira maliro. Ndinatsimikiza zobwerera, ndikapemphenso ntchito pa chipatala chomwe chija, kuti ndizikhala pafupi nawo. Ndinadziuza kuti zaka zapita, anthu asintha.

Ndinafika fodya ali m'zigafa. M'mawa mwake ndinayenda kukaona chipatalacho. Nyumba ya namwino inali yosweka mawindo, udzu utamera mpaka pakhomo. Chipinda cha amayi oyembekezera chinali chokhoma ndi loko wa dzimbiri. Panangotsala wothandiza mmodzi woyeza ana sikelo. Ndinafunsa mlonda kuti namwino ali kuti. Anayang'ana kumbali n'kunena kuti ndikafunse kwathu.

Ndinawapeza amayi akusoka fodya. Poyamba anazemba, koma nditaumirira anafotokoza. Nditachoka ine kunabwera namwino wina, mtsikana wa ku Rumphi dzina lake Tawonga. Tsiku lina amayi anakomoka ndi shuga, ndipo a Lameki anathamangira nawo kuchipatalako. Tawonga anachita zimene akanatha, kenako anati apite nawo msanga kuchipatala chachikulu, chifukwa iye analibe mankhwala ofunikawo. A Lameki anati awaike diripi kaye. Tawonga atayankha kuti madiripi anatha kalekale, a Lameki anati akubisira anthu a ndalama. Anamukoka tsitsi n'kumumenyetsa pampopi, dzino n'kuthyoka. Anyamata ena atamva phokoso anakagenda nyumba yake. Mtsikanayo anachoka sabata yomweyo, ndipo kuyambira pamenepo namwino aliyense amakana kutumizidwa kwathu.

Tsiku limenelo ndinalikumbuka bwino. Uthenga umene ndinalandira unangoti amayi akomoka, nditumize ndalama ya galimoto. Ndinatumiza, amayi anapita kuchipatala chachikulu monga ananenera Tawonga, ndipo anachira. Za dzinolo palibe anandiuza.

A Lameki nditawafunsa sanachite manyazi.

"Iwe unali kutali," anatero. "Unkafuna ndingoyang'ana amayi akufa, eti?"

"Amene anawapulumutsa ndi yemweyo munamumenyayo, achimwene."

Anangoimika njinga yawo bwinobwino n'kulowa m'nyumba.

Malume atamva kuti ndabwera ndi maganizo okhala, anakondwa. Anati amayi apakati akuvutika, akukwera kabaza mtunda wautali atayamba kale kumva kupweteka, ena akuchirira panjira. Anati ine ndine mwana wa pamudzi, palibe angandikhudze. Ndinawakumbutsa kuti pamene ndinkamenyedwa ndinali kale mwana wa pamudzi. Anaseka pang'ono, nati zakale n'zakale.

Chimene chinandipweteka kwambiri sichinachokere kwa amuna amenewa ayi. Madzulo ake ndinakhala ndi amayi m'chigafa, ndikuwathandiza kusanja masamba. Ndinawafunsa ngati sizinawakhudze kuti mwana wa eni wachoka ndi dzino lothyoka chifukwa cha iwo. Amayi ndi mayi wa mvano, munthu wachifundo amene amagawira ngakhale ana a matenanti chakudya. Anaganiza kaye, singano ili m'manja.

"Zinali zoipa ndithu," anatero. "Koma mtsikana uja sanali wa kuno."

Ananena mosakwiya, ngati akunena za mitengo ya fodya. Zaka zonsezi, m'nyumba ya okalamba ija, ine ndi amene ndakhala wosakhala wa kumeneko, ndipo amayi omwewa akhala akundipempherera kuti eni dziko azindichitira chifundo.

Ntchito ija sindinakapemphe. Ndinapangana ndi mwini galimoto wina wa pa Nsaru kuti azitengera amayi kuchipatala chachikulu mwezi ndi mwezi. Ndikudziwa kuti galimoto si mwana, ndipo ndikudziwa kuti mwina uthenga umene ndimauopa uja udzandipeza ndili kutali. Zimandisowetsa mtendere.

Tsiku lonyamuka amayi anandiperekeza mpaka pamsewu, akuyenda pang'onopang'ono. Sanamvetse chifukwa chimene ndasinthira maganizo, ndipo ine ndinalephera kuwauza. Minibasi itaima anandigwira mkono.

"Akamakuvuta kumeneko, Naphiri, uziwauza kuti nawenso uli ndi kwanu, uli ndi amako."

Ndinavomera ndi mutu n'kukwera. Tawonga nayenso anali ndi amake.